Zolemba za ntchito: kusamutsa mafayilo a komiti ya chithandizo popanda kutaya madeti

Lolemba

Ntchito imene ndapatsidwa ndi yosamutsa mafayilo onse a komiti ya chithandizo ya pa mpingo wathu, achoke pa kompyuta yakale ya mu ofesi apite pa laputopu yatsopano ndi pa disiki yosungira, koma fayilo iliyonse ndi foda iliyonse ifike ndi deti lake lenileni. Disiki ya m'kompyuta yakaleyo yayamba kugogoda ikamayaka, nthawi zina Windows osalowa n'komwe, ndiye sindikufuna kumangoiyatsa popanda chifukwa. Mwamwayi achinyamata amene ankathandiza mu ofesimo ankapanikiza mafoda kukhala ma zip pakapita miyezi ingapo, ena n'kuwaika pa fulashi, ena n'kuwatumiza ku imelo ya komiti. Ndiyambira pa ma zip amenewo.

Madeti afika pokhala nkhani chifukwa cha namondwe wa Freddy. Mu Malichi 2023 matope ndi miyala zitatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, boma linalengeza pa 13 Malichi kuti chigawo chakummwera chagweredwa ndi ngozi, ndipo komiti yathu inayamba kugawa ufa, nyemba, mabulangete ndi ndowa m'misasa. Mndandanda wa olandira unkasintha pafupifupi tsiku lililonse. Banja lina lapezeka, lina lasamukira kwa abale ku Bangwe, wina dzina lake lalowa kawiri. Lero mu foda imodzi muli "mndandanda", "mndandanda watsopano", "mndandanda womaliza" ndi "mndandanda womaliza weniweni". Amene anapereka thandizolo apempha lipoti losonyeza kuti pa ulendo uliwonse wogawa panagwira ntchito mndandanda uti. Amayi mlembi njira yawo ndi imodzi: kusanja mafayilo potsata deti, n'kumafananiza ndi kope lawo la pamanja limene anthu ankasainamo kapena kudindamo chala.

Sabata yatha ma zip angapo anamasulidwa pa laputopu yatsopanoyo pongodina Extract All, ndipo zambiri zinatuluka ndi deti la tsiku lomasuliralo. Amayi atandiimbira anangoti, "Achimwene, zonse zikunena Lachinayi lapitali. Ndiye kuti zatayika basi?"

Lero sindinamasule chilichonse. Ndakopera ma zip onse mu foda imodzi imene ndaitcha "osakhudza", ndipo iliyonse ndaiwerengera nambala yake ya SHA-256, nambala yokhala ngati chidindo cha chala imene imasintha fayilo ikangosinthidwa, ndi lamulo la Get-FileHash mu PowerShell, kuti m'tsogolo muno wina akakayikira tidzaonetse kuti zip ndi yomwe ija. Kenako ndasuzumira mkati mwa zip iliyonse ndi pulogalamu ya 7-Zip, osatulutsa kanthu:

`7z l -slt misasa.zip`

Madeti alimo. Mafayilo a m'misasa akuonetsa Malichi ndi Epulo 2023 monga ziyenera kukhalira. Ndawatumizira amayi chithunzi cha pa sikirini kuti agone mtima uli m'malo.

Lachiwiri

M'mawa ndinakhala ndi amayi mlembi pa laputopu kuti tigwirizane kaye deti limene tikulifuna, chifukwa Windows imasunga atatu pa fayilo imodzi. Pali Date created, Date modified ndi Date accessed. Loyambalo limanena nthawi imene fayilo inafika pa disiki imene ilipoyo, choncho ukaikopera kwina limabadwanso. Lomalizalo n'losadalirika, limatha kusuntha ngakhale pulogalamu yofufuza mavairasi itangodutsapo. Lapakatilo, lonena nthawi imene zolembedwa mkati zinasinthidwa komaliza, ndi limene limayenda ndi fayilo, ndipo ndi lokhalo limene zip iliyonse imasunga mosalephera. Amayi anali ataona fayilo ina imene imaoneka ngati inasinthidwa chaka chathunthu isanapangidwe, ndipo zinawaopsa. Palibe cholakwika pamenepo, ndi fayilo yochita kukopera basi. Tagwirizana kuti lipoti lonse litsamire pa Date modified.

Funso lotsatira linali lakuti n'chifukwa chiyani mafayilo ena anasunga deti lawo pomwe ena anataya, chikhalirecho onse anamasulidwa ndi munthu mmodzi pa makina amodzi. Nditaika ma zip m'magulu awiri yankho linaoneka lokha. Ochokera pa fulashi anatulutsa mafayilo a madeti abwinobwino. Otsitsidwa pa imelo ndi amene anataya.

Windows imaika chizindikiro pa chinthu chilichonse chotsitsidwa pa intaneti, kachidutswa kobisika kotchedwa Zone.Identifier komwe kamamatiridwa ku fayilo pa disiki ya NTFS, kasungidwe ka mafayilo ka Windows. Ukamasula zip yokhala ndi chizindikirochi, Windows imachimatiranso pa fayilo iliyonse yotuluka, ndipo pa Windows 10 ya pa laputopuyi kumatirako kukutsitsimutsa deti la fayilo kukhala la lero. Ndayesa ndi zip yomweyo kawiri. Ndisanakhudze kanthu, madeti onse a lero. Nditalowa mu Properties n'kuchonga Unblock, madeti a mafayilo abwerera ku 2023.

Chizindikiro chimenechi sichinaikidwe mwachibwana. Ndi chimene chimachititsa Word ndi Excel kutsegula fayilo yachilendo mosamala, isanapatsidwe mpata woyendetsa chilichonse. Ndiye ndisanachichotse, zip iliyonse ndikuyamba ndaipimitsa ku pulogalamu yofufuza mavairasi. Mafulashi a mu ofesi muja anayenda m'malo ambiri osindikizira mapepala ku Limbe ndi m'tauni, ndipo imodzi ndaipeza ndi kavairasi kaja kobisa mafoda n'kusiya ma shortcut. Mafoda ake ndawabweza, koma fulashiyo sibwereranso mu ofesi.

Lachitatu

Mafayilo akhala bwino, mafoda ayi. Ngakhale nditachonga Unblock, foda iliyonse ikutuluka ndi deti la lero. Tsiku lonse lathera pamenepa, ndipo sindikudandaula, chifukwa kwa amayi mlembi mafoda ndi amene ali ofunika kwambiri. Iwo ankatsegula foda yatsopano pa ulendo uliwonse wogawa, n'kuitcha dzina la msasa lokha popanda deti. Msasa umodzi uli ndi mafoda anayi, osiyana pa manambala a kumapeto okha.

Pa disiki, foda ndi mndandanda chabe wa mayina a zinthu zimene zili mkati mwake. Ukawonjezamo fayilo, ukachotsamo, kapena ukasintha dzina la imodzi, mndandandawo wasintha, ndiye deti la foda limasuntha. Zili ngati buku la mlonda pa geti: nthawi imene ili pa mzere womaliza ndi ya munthu amene wangolowa kumene, ngakhale bukulo linagulidwa kalekale. Pulogalamu yomasula zip ikapanga foda n'kuipatsa deti lake lakale nthawi yomweyo, fayilo yoyamba kulowamo imafufuta detilo. Yochita bwino imadikira mpaka zonse zitatuluka, kenako n'kubwerera ku mafoda onse kukaikanso madeti pomaliza. Chomasulira cha mu Windows sichikubwerera. 7-Zip ikubwerera, bola uigwiritse ntchito moyenera.

Ndanena kuti moyenera chifukwa pali msampha umene pafupifupi aliyense amagweramo. Ukatsegula zip mu 7-Zip n'kukoka foda ndi mausi kukaiponya pa Desktop, zinthuzo zimayamba zatsikira mu foda ya Temp, ndiyeno Windows n'kuzisamutsa yokha kupita pamene waponyapo. Pa ulendo wachiwiriwo madeti a mafoda amatha kutsala m'njira. Njira yabwino ndi kudina Extract mkati mwa 7-Zip momwemo, kapena kulemba lamulo:

`7z x misasa.zip -oD:\zomasula\misasa`

Ndi lamulo limeneli mafoda ambiri atuluka ndi madeti awo a 2023. Ndayesanso pa laputopu yanga ya Linux ndi unzip 6.0 ya Info-ZIP, imene inatuluka mu 2009 koma mpaka pano ili paliponse, ndipo zotsatira zake n'zofanana. Nayonso imabweza madeti a mafoda payokha, pokhapokha utaiuza kuti isatero ndi chilembo cha -D. Achinyamata aja anasiyanso fayilo imodzi ya tar.gz, mtundu wina wa zopanikiza, ndipo imeneyo sinandivutitse konse, chifukwa GNU tar imasunga deti la foda iliyonse n'kuliika ikamaliza kutulutsa za mkati. Kuti ndisakayike ndinawonjezera --delay-directory-restore, imene imaiuza kuti idikire mpaka kumapeto kwenikweni.

Koma ma zip ena mafoda ake akutulukabe ndi deti la lero ngakhale ndi 7-Zip. Nditayang'ana ndi zipinfo ndapeza kuti mkatimo mulibe mzere wa foda ngakhale umodzi. Mu zip, foda imatha kulembedwa payokha ngati dzina lothera ndi chizindikiro cha /, lokhala ndi deti lake, kapena osalembedwa n'komwe, n'kumangodziwika kuchokera ku njira ya mafayilo, monga msasa2/mndandanda.xlsx. Pulogalamu imene inapanikiza ma zip amenewa inasankha njira yachiwiriyo. Deti la foda silinasungidwe, ndiye palibe pulogalamu padziko pano imene ingalitulutse.

Pa mafoda otere ndasankha kuwapatsa deti la fayilo yatsopano kwambiri imene ili mkati mwake. Nthawi zambiri limayandikira loona, ndipo kusanja kwa amayi kugwira ntchito. Koma deti limeneli ndi lochita kumanga, silinachokere mu zip, ndiye foda iliyonse yotere ndikuilemba m'fayilo yapadera ya zofotokozera. Sindikufuna kuti tsiku lina munthu adzaimirire pamaso pa opereka thandizo n'kulumbirira deti limene ndinaika ndine.

Lachinayi

Lero kwatuluka chinthu chimene chikanatha kuipitsa dzina la komiti. Amayi mlembi anali kufananiza mafayilo omasulidwa dzulo ndi kope lawo, ndipo anaima pa mndandanda wina. Kope likuti ufa unagawidwa Lachisanu madzulo. Fayilo ikuti mndandanda unasungidwa komaliza Loweruka cha m'ma 1 koloko usiku. Munthu wosadziwa akhoza kunena kuti mayina anawonjezedwa anthu atalandira kale. Amayi anakana kwamtuwagalu: "Ofesi timatseka 5 koloko, ndipo masiku amenewo magetsi kunalibe, tinkadalira jenereta ya masana. Ndani angalembe 1 koloko usiku?"

Ndinayang'ana mafayilo ena a mu zip yomweyo. Onse ali m'mausiku, 7 koloko, 10 koloko, mpaka kudutsa pakati pa usiku. Palibe wa m'mawa. Ukachotsa maola 9, onse akugwera m'nthawi ya ntchito.

Chimene chinachitika n'chodziwika kwa aliyense amene amakonza makompyuta a kaunjika kuno. Makina ambiri amafika kapena amaikidwa Windows ali pa nthawi ya Pacific, ya kumadzulo kwa America. Woika uja akaona wotchi ikunama amangokonza maola ndi manja, dera la nthawi osalikhudza. Pa sikirini wotchi imaoneka yolondola zaka ndi zaka. Koma NTFS simasunga zimene wotchi ikuonetsa, imasunga nthawi ya UTC, nthawi imodzi ya dziko lonse lapansi imene madera onse amawerengerapo, yowerengedwa kuchokera ku dera limene kompyuta ikuganiza kuti ili. Ife kuno tili patsogolo pa UTC ndi maola 2 chaka chonse. Dera la Pacific lili m'mbuyo ndi maola 8, kapena 7 m'miyezi imene iwo amasuntha mawotchi, ndipo mu 2023 anasuntha pa 12 Malichi. Ndiye fayilo yosungidwa 4 koloko madzulo pa kompyuta yoteroyo, ikafika pa laputopu yokhala pa dera lolondola la Harare, Pretoria, imaoneka ngati ya 1 koloko usiku wa tsiku lotsatira.

Chotipulumutsa ndi ukalamba wa zip. Phil Katz atapanga mtundu umenewu mu 1989 anatengera kasungidwe ka nthawi ka DOS, pulogalamu yakale yoyendetsa kompyuta Windows isanabwere, komwe kamangolemba zimene wotchi ya pa makina ikuonetsa, popanda kunena dera. Kamayambira 1980 n'kuthera 2107, ndipo kamawerenga masekondi awiriawiri, n'chifukwa chake mu zip yakale simupeza nthawi yothera pa sekondi 7 kapena 31. Patapita nthawi anawonjezera timagawo tina tosungira nthawi ya UTC, kamodzi ka NTFS ndi kena ka Unix, koma gawo lakalelo likadalipo pa fayilo iliyonse. Ma zip a m'misasa anapanikizidwa ndi 7-Zip pa kompyuta yakale ija, ndiye ali ndi nthawi ziwiri. Pomasula, 7-Zip imakhulupirira ya UTC, ndipo pa makina okonzedwa bwino imeneyo ndiye yolondola. Kwa ife yolondola ndi yakaleyo, chifukwa ndi imene amayi ankaiona pa kona ya sikirini.

Ndalemba kapulogalamu kakang'ono ka Python. Gawo lake la zipfile limawerenga nthawi ya DOS ija, ngakhale kuti pomasula silibweza deti lililonse palokha, ndiye uyenera kuika wekha zonse zikatuluka:

```
import os, time, zipfile
z = zipfile.ZipFile("misasa.zip")
z.extractall("zomasula")
for f in z.infolist():
    t = time.mktime(f.date_time + (0, 0, -1))
    os.utime(os.path.join("zomasula", f.filename), (t, t))
```

Popeza madeti akuikidwa kumasula kutatha, mafoda nawonso akusunga awo. Mndandanda uja tsopano ukuti Lachisanu, 4 koloko itangodutsa, ndipo siginecha yoyamba m'kope la amayi ili pa tsiku lomwelo. Pa mafayilo amene anasungidwa mbali ina ya kusuntha kwa mawotchi a ku America kuja n'kupanikizidwa mbali inayo, ola limodzi likhoza kusiyanabe. Ndaona kuti palibe fayilo ya mu nthawi ya ntchito imene ola limodzi lingaidumphitse tsiku, ndiye ndazisiya choncho n'kuzilemba m'zofotokozera.

Laputopu yatsopano ndaionanso, ili pa dera lolondola ndipo ikutenga nthawi pa intaneti.

Lachisanu

Pali gulu la mafayilo limene palibe lamulo lingalikonze. Makalata ena a mu 2022 ndi mindandanda iwiri ya mu Epulo 2023 ali ndi madeti a zaka zambiri m'mbuyo, komiti isanakhazikitsidwe n'komwe. Kabatire ka CR2032 ka pa bolodi ya kompyuta yakale kanatha mphamvu kalekale. Magetsi akathima, wotchi inkabwerera ku deti la ku fakitale, ndipo tsiku limene panalibe woikonza, fayilo iliyonse inkasungidwa ndi deti labodzalo. Zip inasunga mokhulupirika zimene inapatsidwa. Ndinayesa kuyang'ana mkati mwa mafayilo a Word ndi Excel, pakuti docx ndi xlsx nazonso ndi ma zip ndipo zimakhala ndi kafayilo ka docProps/core.xml kolemba nthawi yopangira ndi yosinthira. Madeti a mmenemo anachokera ku wotchi yomwe ija, ndiye sanathandize.

Mindandanda iwiriyo taipezera masiku ake mwa njira ina. Umodzi unatumizidwa pa imelo tsiku lomwelo, ndipo nthawi ya pa imelo imachokera ku makina a kwina. Winawo amayi anauzindikira ndi dzina la gogo wina amene anawonjezedwa ndi cholembera chofiira m'kope lawo, pa tsamba lokhala ndi deti. Mafayilo amenewa sindinawasinthe deti. Ndangolemba m'zofotokozera tsiku limene tikulikhulupirira ndi umboni wake.

Zithunzi zapita msanga. Zojambulidwa pa foni n'kukoperedwa ndi chingwe zili ndi deti mkati mwake, mu EXIF, kagawo kamene kamera imalembamo za chithunzicho, ndipo foni imatenga nthawi pa netiweki, ndiye n'zodalirika kuposa china chilichonse mu ofesi muja. Ndi exiftool ndabweza deti limenelo pa fayilo:

`exiftool "-FileModifyDate<DateTimeOriginal" -r zithunzi`

Zodzera pa WhatsApp zilibe EXIF, chifukwa WhatsApp imachotsa ikamachepetsa chithunzi. Chotsala ndi dzina, lokhala ngati IMG-20230318-WA0004.jpg, ndipo deti la m'dzinalo ndi la tsiku limene chithunzi chinafika pa foniyo, osati limene chinajambulidwa. Mayina amenewa ndawauza onse kuti asawasinthe. Wina anali atayamba kale kuwatcha "kugawa ufa 1", "kugawa ufa 2", ndipo zimenezo tazitenganso ku zip.

Loweruka

Kukopera ku disiki yosungira. Disikiyo inabwera ili pa FAT32, imene imasunga nthawi ngati DOS, yopanda dera ndiponso ya masekondi awiriawiri, komanso silandira fayilo yoposa 4 GB. Ndaifomata kukhala NTFS, popeza makina onse a komiti ndi a Windows. Kukoka mafoda ndi mausi kukanafufutanso madeti onse amene ndawavutikira sabata ino, ndiye ndagwiritsa ntchito robocopy:

`robocopy D:\zomasula E:\zomasula /E /COPY:DAT /DCOPY:T`

Mbali ya /DCOPY:T ndi imene imanyamula madeti a mafoda. Magetsi anathima ntchito ili pakati, laputopu n'kupirira pa batire mpaka kuzima. Atayaka ndinangobwereza lamulo lomwelo. Linadumpha mafayilo amene kukula ndi deti zikufanana kale mbali zonse ziwiri, n'kupitiriza pamene linalekera.

Lolemba lotsatira

Deti la pa fayilo n'losalimba. Munthu akatsegula mndandanda mu Excel n'kudina Save mwachizolowezi, 2023 yapita. Choncho mafayilo onse a m'misasa ndawaika pa Read-only ndi lamulo la attrib +R, ndipo ndapanga foda ina yogwiriramo ntchito imene amayi angasinthe mmene akufunira. Chachiwiri, ndatulutsa kaundula wa CSV, tebulo lotseguka mu Excel, wokhala ndi njira ya fayilo iliyonse, kukula kwake, deti lake, nambala ya SHA-256, dzina la zip imene inachokera, ndi mzere wonena ngati detilo ndi lochokera mu zip, lokonzedwa chifukwa cha dera la nthawi, kapena lochita kumanga. Kaundulayu tamusindikizanso pa pepala, wapampando ndi msungichuma asaina tsamba lililonse, ndipo ali mu kabati pamodzi ndi kope la amayi. Madeti a pa disiki atasokonekeranso mawa, a m'kaundula adzatsala.

Pa msonkhano wa komiti abusa anafunsa funso loyenera: "Ngati inu mwatha kusintha madeti ndi mizere isanu ndi umodzi, wina angalephere bwanji kuika deti limene akufuna?" Sangalephere. Deti la fayilo palokha si umboni wokwanira, ndipo m'lipoti sitilemba ngati ndi wokwanira. Mphamvu yake ili pa kugwirizana ndi zina: zip yoyambirira imene sinakhudzidwe, nthawi ya pa imelo imene inaibweretsa, EXIF ya zithunzi, ndi zala zodindidwa m'kope. Pa maulendo onse ogawa amene amayi awafananiza mpaka lero, zinayi zimenezi zikunena chimodzi.

Tagwirizananso za m'tsogolo. Dzina la fayilo ndi la foda liziyamba ndi deti, chaka patsogolo, kenako mwezi ndi tsiku, monga 2023-03-17, kuti ngakhale makina ataiwala, dzina lizikumbutsa ndipo zizisanjika zokha. Zopanikiza zizipangidwa mu mtundu wa 7z, motere:

`7z a -mtc=on -p -mhe=on zosunga.7z zomasula`

Mbali ya -mtc=on imasunganso Date created, imene 7z siisunga ukapanda kuiuza. Ziwiri zinazo zimatseka ndi mawu achinsinsi, mpaka mayina a mafayilo osaoneka. Izi ndaumirira ine. M'mindandandamu muli mayina, manambala a foni ndi chiwerengero cha ana cha mabanja amene anataya zonse usiku umodzi, ndipo ma zip ake akhala akuyenda pa mafulashi osatseka. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza uthenga wa anthu la 2024, koma ngakhale likanapanda kukhalapo, anthu amenewa anatipatsa mayina awo kuti alandire ufa basi. Mawu achinsinsiwo asunga anthu awiri, wapampando ndi amayi mlembi.

Lachitatu

Amayi amaliza kufananiza misasa yonse kupatula umodzi, umene mafoda ake ali m'gulu lija lopanda madeti, ndipo mindandanda yake iwiri inasungidwa tsiku limodzi, motalikirana mphindi zochepa. Kope silikutha kutiuza kuti unapita ku msasa ndi uti. Kusiyana kwake ndi mabanja atatu, ndipo amayi akuti akawafunsa okha Lamulungu akatuluka m'tchalitchi, popeza awiri mwa iwo amapemphera nafe.

Chatsala kwa ine ndi disiki yakale. Mmenemo muli madeti enieni a mafoda amene zip sinasunge, ndiponso ntchito ya miyezi yomaliza imene palibe anaipanikiza. Sindiyatsa Windows pa disikiyo, chifukwa kungoyaka kokha kumalemba zinthu zambiri ndipo disikiyo yatopa kale. Ndaichotsa m'bokosi lake, ndipo mawa ndipita ku Limbe kukagula chingwe cholumikizira SATA ku USB chokhala ndi pulagi yakeyake ya magetsi, pakuti disiki yaikulu ya pa desiki siyenda ndi mphamvu ya USB yokha. Ndidzaijambula yonse, kutanthauza kuikopera monga ilili mu fayilo imodzi, ndi ddrescue pa Linux, imene imayamba yatenga malo owerengeka bwino n'kubwerera ku owonongeka pambuyo, ndipo imasunga fayilo yolemba pamene yafika kuti magetsi akathima isayambirenso. Chojambulacho ndidzachitsegula mongowerenga, n'kukopera ndi rsync -a imene imasunga madeti a mafayilo ndi a mafoda omwe. Madeti ake adzakhala a UTC yolakwika ija, ndiye adzafunika kuchotsedwa maola 9 kapena 10 kutengera mwezi, ndipo mzere umenewo ndauwonjezera kale m'kaundula.